Mutu 7: Marret Abweza Nkhani Yake pa Chulu

1. Galu wonyamula mauthenga

Pa chilumba chathu cha Holmsand nyanja ikakwiya imamiza udzu wonse, n'kusiya zulu zokha zimene makolo athu anaunjika ndi manja kuti amangepo nyumba. Ndiye munthu amene umakhala naye pa chulu chimodzi, umufune usamufune, ndi wako basi.

Pa chulu cha a Ketelsen panali nyumba zitatu. Ina inali ya a Bandix, bambo ake a Marret. Ina inali ya mng'ono wawo, a Momme. Yapakati inali ya mlongo wawo wamkulu, a Kreske, amene ankakhala ndi galu wokalamba dzina lake Pelle.

A Bandix ndi a Momme sankalankhulana. Chifukwa chake aliyense ankachidziwa, ngakhale kuti palibe ankachitchula. Chaka china, Marret akadali kamwana, nyanja inakwera tsiku limene linali la a Momme loyang'anira nkhosa. Iwo anali atakwera ngolo yapanjanji kupita kumtunda osatsanzika, ndipo nkhosa zabere za a Bandix zinafera mumfuleni. A Bandix anapsa mtima n'kunena pagulu kuti mng'ono wawoyo si mwana wa chilumba chino. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale moni panalibe.

Koma pa chulu simungakhale osauzana kanthu. Chipata chikatseguka, wina ayenera kudziwa. Ndiye amuna awiri akuluakulu, ndi ndevu zawo, anapeza nzeru yotuma galu.

"Pelle, kamuuze munthu uyo kuti nkhosa yake yalowa m'dimba mwanga," ankatero a Bandix, mng'ono wawo ali chiimire pomwepo.

A Momme nawonso ankayang'ana galuyo n'kumutuma kuti akauze munthu uyo kuti akonze mpanda wake. Pelle ankangogwedeza mchira. Ntchito imeneyi anaigwira mpaka kumera imvi kukamwa, osalandirapo ngakhale fupa.

Anthu ankaseka nazo, koma Marret zinkamuwawa, chifukwa onse awiri ankawakonda. Bambo ake anamuphunzitsa kumeta nkhosa. Bambo aang'ono anamuphunzitsa kuyendetsa ngolo ndi kuimba mluzu ndi zala. Pa tsiku lake lobadwa ankadya keke kawiri, m'nyumba ziwiri.

Chaka chimenecho chinali chake chomaliza pa sukulu ya pachilumba, asanapite kumtunda kukapitiriza maphunziro. Ndipo kwathu kuli mwambo. Wophunzira amene akuchoka amalemba nkhani n'kuiwerenga pa phwando la Biike, tsiku limene timayatsa chimoto chotsanzikana ndi nyengo yozizira, chilumba chonse chili tcheru.

Marret anali ndi nkhani imodzi yokha mumtima, ya abale awiri osalankhulana. Koma mwanayu sanali wopusa. Anawapatsa mayina ena, n'kuwanyamula kukawaika ku Hamburg, mzinda umene anaupondamo kamodzi kokha pokazula dzino. Galu anamusiya kunja kwa nkhani. Anati akatero palibe angawazindikire.

2. Anthu a mumzinda odikira nyanja

Aphunzitsi ake, Mayi Nissen, anabadwira ku Hamburg komweko, ngakhale kuti kuno anali atakhalitsa mpaka kusiya kumva fungo la nkhosa. Nkhaniyo anaiwerenga ana ena ataweruka, Marret ataima pambali pa tebulo. Tsamba loyamba anawerenga ali phee. Pa lachiwiri mapewa anayamba kugwedezeka. Pa lachitatu anavula magalasi n'kuseka mpaka misozi.

Marret makutu anatentha ndi manyazi. Anafunsa ngati walakwitsa kalembedwe.

Aphunzitsi anati ayi, kalembedwe kali bwino, kenaka anayamba kumulozera ndi chala. Apa mkulu uja akufuna kupita kuchipatala, koma akuyamba wafunsa ngati nyanja yaphwa. Apa mphepo yatembenuka, ndipo mkazi wake akukweza ufa ndi mbatatesi m'chipinda chapamwamba kuopa madzi, chikhalirecho akukhala pamwamba pa nyumba yosanjikizana, kumene ngakhale mbalame imafika itatopa. Ndipo apa mng'ono uja akulowa m'basi n'kupereka moni kwa munthu aliyense, mmodzimmodzi, mpaka kumpando wakumbuyo.

"Kwathu ukatero amakusunthira, poganiza kuti mutu sukuyenda bwino," anatero aphunzitsi akupukuta m'maso.

Marret naye anaseka pang'ono, n'kunena kuti akonza. Afufuta nyanja, afufuta mphepo, afufuta moni.

Apa aphunzitsi anasiya kuseka. Anamuuza kuti akhale pansi.

"Ukhoza kufufuta, ndipo malikisi ndikupatsa abwino ndithu. Koma tamvera, Marret. Ukafufuta zimenezo utsala ndi chiyani? Amuna awiri osalankhulana mumzinda wa anthu miyandamiyanda. Ndani angadabwe nazo? Ine kumene ndinakulira, bambo wa khomo loyang'anizana ndi lathu sindinamudziwe dzina mpaka anamwalira. Kumeneko ukadana ndi m'bale wako umangosamukira msewu wina, nkhani yathera pomwepo. Ndawerenga mpaka kumapeto ndikudzifunsa kuti, kodi wamng'onoyu bwanji osangochoka? Yankho mulibe, chifukwa chingwe chimene chimawamanga pamodzi wachisiya kwina.

"Achinyamata ambiri mumayesa malo a nkhani ali ngati nsalu ija amapachika kumbuyo pojambulitsa, yoti n'kuichotsa n'kuikapo ina. Mumadzinamiza. Malo ndiwo amauza munthu nthawi yodzuka, chinthu choti aziopa, ndi munthu amene sangamuthawe. Anthu akowa ndi a pa chulu. Wawaveka majekete a mumzinda, koma kumapazi kuli matope a kuno, ndipo akundipondera nawo tsamba lililonse. Sindikufunsa kuti ndi ndani. Sindikukuuzanso chochita. Ndikungokuuza kuti nkhaniyi ikufuna kwawo."

Marret ananena chapansipansi kuti akaibweza kwawo aliyense adziwa.

Aphunzitsi anavomera kuti inde, adziwa. Anawonjezera kuti zimenezo akaganize yekha mofatsa, chifukwa wokhala ndi anthuwo pa chulu ndi iye, osati iwo. Anamubwezera mapepala ake n'kumuuza kuti afulumire, kunja kukuzizira.

3. Tsiku limene nyanja inakwera

Sabata yomweyo wailesi inalengeza kuti madzi akwera. Kwathu zimenezi sitithamanga nazo mtima. Sukulu imatsekedwa, ana amasangalala, akuluakulu amavala jombo.

M'mawa mwake onse a pa chulu anatuluka kukakusa nkhosa. Marret anathandiza kunyamula matumba a mchenga otsekera pamakomo, ndipo tsiku limenelo, kaya n'chifukwa cha mawu a aphunzitsi, anaona zinthu zimene ankaziona chaka ndi chaka ngati akuziona koyamba.

Anaona mmene bambo ake ankaponyera thumba osayang'ana, ndipo bambo aang'ono ankaliwakha osayang'ananso. Anaona a Momme akugwirira makwerero pamene a Bandix ankamanga udzu wa nkhosa padenga la khola, nkhope ataitembenuzira kunyanja ngati makwererowo awagwira mwangozi.

"Pelle, kamuuze munthu uyo kuti chipata chakumwera sichinamangidwe," anakuwa a Bandix ali pamwamba.

Pelle sanatembenuke n'komwe. Makutu anali atagontha kalekale, ndipo miyendo yakumbuyo inkakokera. Koma a Momme anapita kukamanga chipatacho.

Pofika masana chilumba chinali chitamira. Kulikonse kumene ungayang'ane kunali madzi otuwa, ndipo zulu zinzathu zinkaoneka patali ngati zombo zoima. Pa chulu cha a Ketelsen nkhosa zinadzaza pabwalo mpaka pansi pa mawindo. Panalibe kopita. Ukatuluka pakhomo, wakumana ndi m'bale wako.

Marret anakwera m'chipinda chake chapamwamba n'kukhala pawindo. Pelle anali atagona pakhonde la azakhali, akunjenjemera. Posakhalitsa anaona bambo ake akutuluka, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Anamufunditsa galuyo thumba, n'kumuikira kachidutswa ka soseji pakamwa. Atangolowa m'nyumba, kunatulukira a Momme. Nawonso anayang'ana uku ndi uku, anakonza thumba lija kuti lifike kumiyendo, n'kutulutsa soseji yawo m'thumba la jekete.

Marret anaseka yekha, koma kusekako kunathera m'misozi. Anazindikira kuti amuna awiriwa akuopa chinthu chimodzi.

Anatenga mapepala atsopano. Hamburg anamusiya m'kabati. Analemba za chulu, za nyumba zitatu, za fungo la ubweya wonyowa, za mphepo yoliza chitseko cha khola, ndipo galu anamubweza m'malo mwake. Nkhani ija inali kukakamira ngati ngolo yadzimbiri, koma tsopano inkayenda yokha. Chovuta chinali chimodzi. Za mfuleni umene nkhosa zinaferamo palibe anamuuzapo, ndipo kufunsa sakanafunsa. Ndiye anangosankha wakumadzulo, umene ankauona pawindo pake tsiku ndi tsiku.

4. Chenjezo la azakhali

Kutatsala tsiku limodzi kuti phwando lichitike, Marret anapita kwa azakhali ake. Anawapeza kukhitchini akudula kabichi wamasamba wa paphwando, mulu wake kutalika ngati mwana wa nkhosa. Anawapempha kuti amvere nkhani yake, ndipo iwo anati awerenge, makutu sadula kabichi.

Anawerenga. Poyamba azakhali ankaseka, makamaka pa mauthenga a galu. Atafika pa mfuleni wakumadzulo anaimitsa mpeni, n'kutsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, koma anapitiriza kudula. Pomaliza anapukuta manja pa epuloni n'kukhala pansi.

"Yakoma, sindikunamiza. Mphepo yake ndaimva m'mafupa. N'chifukwa chake ndikuopa. Mwana wa mlongo wanga, iwe ukupita kumtunda, ife titsala. Mumzinda ukachititsa munthu manyazi pagulu, mawa lake sukumana naye. Kuno ukumana naye pakhola, kutchalitchi, pa ngolo, ndi kumanda komwe. Bambo ako ndimawadziwa, ndinawabereka kumsana ine. Ndi munthu wabwino, koma manyazi sawatha. Akachita manyazi amatseka pakamwa, ndipo waona wekha kuti akatseka amatseka zaka.

"Usaganize kuti ndiwe woyamba. Ine ndayesa. Abusa ayesa. Malemu agogo ako anayesa ali pa bedi la imfa, atagwira dzanja la uyu uku, la uyu uku, koma anthuwo anangoyang'ana pansi. Ndiye iwe ukuti pepala lichite zimene analephera mayi wowabala? Madzi akatayika saoleka, Marret. Ukawavula pamaso pa chilumba chonse, usadzadabwe pobwera kutchuthi kumva akuti, 'Pelle, kamuuze mtsikana uyo kuti chakudya chapsa.' Zimenezo ungazipirire? Ya ku Hamburg ija uli nayo. Ndi yozizira, koma siluma munthu."

Marret anayankha kuti sangazipirire. Anati bambo ake atasiya kumulankhula, ku sukulu ya kumtundako sangaphunzire kanthu. Kenaka anayang'ana galu amene anagona pafupi ndi chitofu.

"Nanga Pelle akafa, azakhali?"

Azakhali anatenga mpeni n'kuyambanso kudula, ndipo patapita kanthawi anamuuza kuti m'malo mongoyang'ana asende mbatatesi.

5. Mapepala a m'thumba lakumanja

Tsiku la Biike kunacha bwino. Dzuwa likulowa, chilumba chonse chinayenda ndi miuni kupita kumene tinaunjika mitengo yakale ya Khirisimasi ndi matabwa olavulidwa ndi nyanja. Moto unayaka mpaka kuwalitsa mifuleni. Ana ankapakana mwaye kumaso, ndipo kutsidya kwa madzi kunkaoneka moto wa zilumba zina. Marret anaimba nawo, koma manja anali m'matumba a jekete. Kumanzere kunali mapepala a nkhani ya ku Hamburg. Kumanja kunali a nkhani ya pa chulu.

Moto utazilala, anthu analowa m'nyumba yodyera ya pa chulu cha tchalitchi. Kabichi, nyama yankhumba ndi mbatatesi zinali kufuka nthunzi, mawindo ali biii ndi mpweya wa anthu. A Bandix anakhala kumapeto kwa tebulo lalitali, pafupi ndi mayi ake a Marret. A Momme anakhala kumapeto kwinako. Azakhali anakhala pakati monga mwa nthawi zonse, Pelle ali pansi pa tebulo.

Aphunzitsi ataimirira kuti aitane wowerenga, Marret dzanja linali kale kumanzere. Anali atagonja, ndipo palibe akanamunena.

Nthawi yomweyo a Bandix anawerama n'kunena kuti, "Pelle, kamuuze munthu uyo kuti mchere sanagule yekha."

Anthu anaseka monga ankasekera chaka chilichonse. Mchere unayenda dzanja ndi dzanja kudutsa tebulo lonse. Koma Marret anayang'ana pansi pa tebulo, n'kuona kuti galuyo sanadzutse ngakhale khutu. Anangogona, nthiti zikukwera ndi kutsika movutikira.

Anatulutsa mapepala a kumanja.

"Pa chulu china panali nyumba zitatu ndi galu mmodzi," anayamba motero.

Masupuni anaima. Wina anatsokomola. Mayi ake anagwira pakamwa. Atafika pa mauthenga a galu ena anayesa kuseka, koma atayang'ana khosi la a Bandix mmene linafiirira anameza kuseka kwawoko.

Marret sanayang'ane munthu. Anawerenga za tsiku limene nkhosa zinafera mumfuleni wakumadzulo. Anawerenga za thumba loponyedwa osayang'ana, za makwerero, za soseji ziwiri. Ali mkati mowerenga, azakhali ananyamuka mwakachetechete, n'kumukoka Pelle pa lamba wa m'khosi kutuluka naye panja, ngati kuti galuyo wapanikizika. Palibe anasamala, chifukwa maso onse anali pa Marret.

M'nkhanimo galu anafa tsiku limene nyanja inakwera. Nthaka youma panalibe kwina koma pa chulu pomwepo, kuseri kwa khola. Abale aja anapita kukakumba dzenje, koma fosholo inali imodzi. Wamkulu anakumba mpaka kutopa, thukuta kamukamu, ndipo wamng'ono anatambasula dzanja kuti alandire. Onse awiri anayang'ana pansi kufuna womutuma, ndipo womutumayo anali atagona m'thumba pamapazi awo.

Nkhani inathera pamenepo. Palibe anaomba m'manja. M'chipindamo munangomveka wotchi ya pakhoma.

6. Mfuleni wolakwika

Woyamba kugwedezeka anali a Momme. Anthu akwathu akhoza kukukhululukira zambiri, koma ukalakwitsa mfuleni sagona. A Momme anali atavutika nazo kuchokera pa tsamba lachiwiri, akusuntha pampando ngati wakhala pa nyerere.

Anawerama. "Pelle, kamuuze mwanayu kuti..."

Anakweza nsalu ya tebulo. Galu panalibe. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, nkhope ili tuu ngati munthu amene waponda pamene palibe sitepe. Mawu anali atafika kale pakhosi, ndipo kubwerera sakanabwerera.

"Achimwene, kodi mwanayu simunamuphunzitse? Nkhosa ingafere bwanji ku mfuleni wakumadzulo? Gombe lake n'lotsetsereka, ngakhale kamwana ka nkhosa kamakwera kokha. Unali wakumpoto uja, pa mlatho wamatabwa."

Onse anatembenukira kwa a Momme. Mawu akuti achimwene anali asanamveke pa tebulo limenelo chiyambire Marret kudziwa kuyenda.

A Bandix nawonso anasuzumira pansi pa tebulo. Atapeza kuti kulibe thandizo, anakweza mutu pang'onopang'ono n'kumuyang'ana mng'ono wawo m'maso.

"Mlatho unali usanamangidwe. Panali thabwa limodzi, limene iwe Momme unalonjeza kuti ulikhomera."

"Ndinalikhomera."

"Ndi misomali yadzimbiri."

Basi, zinayambika. A Momme anati misomaliyo inali ya m'bokosi la a Bandix omwewo. A Bandix anati mphepo inali yakumpoto chakumadzulo, ndipo munthu wobadwira kuno akanaimva m'mawa asanakwere ngolo. A Momme anati anaimva, koma dzino linali litawatupitsa tsaya, ndipo palibe anawafunsapo chifukwa chimene anapitira kumtunda. Okalamba ena analowerera, wina akuti chinali chaka chimene denga la tchalitchi linasasuka, wina akuti unama, chinali chaka chotsatira. Mzimayi wina anajambula mifuleni yonse patebulo ndi msuzi.

Musaganize kuti anakumbatirana. Ngakhale chanza sanagwirane. Anakangana ndithu, mitsempha ya m'khosi ili njo, koma anakangana maso ndi maso, ndipo aliyense ankatchula dzina la mnzake. Chibale ndi fupa, sichiola.

Azakhali anali ataima pakhomo ndi Pelle, akupukuta m'maso ndi ngodya ya mpango. Atafunsidwa anati ndi utsi wa moto uja. Marret atawayandikira n'kuwanong'oneza kuti, kodi za mfuleniwo ankadziwa, iwo anamuyankha kuti ntchito yawo ndi kudula kabichi, zokonza nkhani za anthu sazidziwa.

Aphunzitsi anangomugwira paphewa podutsa. "Ukanalakwitsa msewu wa ku Hamburg, palibe akanasiya supuni yake," anatero.

Koma Marret mtima sunakhale pansi, chifukwa pa zonsezi bambo ake anali asanamuyang'ane ngakhale kamodzi.

Pobwerera kunyumba anayenda mumdima wa madzulo motsogozana. Bambo ake anali patsogolo ndi nyali, ali chete. Mayi ake ndi azakhali ankabwera kumbuyo, ndipo Pelle ankatsimphina pakati. Marret ankaopa kwambiri. Mawu a azakhali ankamveka m'mutu mwake sitepe iliyonse.

Atakwera chulu, a Bandix anaima pakhomo. Pelle anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi jombo zawo. Iwo anamuyang'ana galuyo, n'kumuyang'anitsitsa, n'kutsegula pakamwa. Marret anatseka maso.

"Marret."

Anatsegula maso. Bambo ake ankayang'ana iyeyo.

"Wandichititsa manyazi lero, ndipo zandiwawa. Sindikubisira. Za soseji zija sunayenera kuuza anthu." Anapumira m'mwamba, n'kukonza chisoti. "Koma chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti mwana wanga, wobadwira pa chulu chino, sadziwa mfuleni umene umapha nkhosa. Mlandu umenewo ndi wanga. Mawa nyanja ikaphwa uvale jombo. Malo usanawaike papepala uziyamba wawaponda. Ndipo kumpotoko kuli chinthu chimene sunalembe, chifukwa sukuchidziwa."

Marret anafunsa ngati apita awiri.

A Bandix anatembenukira ku nyumba yachitatu, ya mng'ono wawo, kumene nyali inali itangoyaka pawindo, ndipo munthu wina ankaoneka akuvula jekete.

"Atatu," anatero. "Galu atsala."

Analowa m'nyumba. Marret anatsala pakhomo akumwetulira ngati chitsiru, misozi ili mbwembwembwe. Azakhali okha ndiwo sanamwetulire. Anali atanyowetsa chala n'kuchiimika m'mwamba, nkhope itayang'ana kunyanja. Mphepo inali itayamba kutembenukira kumpoto chakumadzulo, monga tsiku lija nkhosa zinafa.